Maphunziro a machine learning ku Thyolo: phindu lagona pa ziwerengero za kwathu

THYOLO – Pomwe sukulu zaukachenjede m'dziko muno zayamba kuikapo mtima pa luso la Artificial Intelligence, lomwe ambiri amangolitchula kuti AI, boma la Thyolo lapezeka ndi zinthu ziwiri zomwe maphunziro a lusoli amafuna kwambiri. Choyamba ndi sukulu ya Malawi University of Science and Technology, yodziwika kuti MUST, yomwe ili pa Ndata. Chachiwiri ndi minda ya tiyi yomwe yakhala ikulemba m'mabuku mvula, zokolola ndi matenda a mbewu kwa zaka zambirimbiri. Nkhani yomwe ili m'manja mwa adindo ndi yakuti kodi ziwirizi zidzakumana, kapena ophunzira athu adzatsiriza maphunziro awo akudziwa kuwerengera mitengo ya nyumba za ku America pomwe sangathe kunena kuchuluka kwa tiyi yemwe munda wa m'boma lawo lomwe ungatulutse m'mwezi wa Febuluwale.

Sukulu ya MUST inakhazikitsidwa ndi lamulo lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza m'chaka cha 2012, ndipo inalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 2014. Inamangidwa ndi ngongole yochokera ku China pa malo omwe anapereka malemu Bingu wa Mutharika. M'mwezi wa Okutobala 2023 sukuluyi inatsegula nthambi yotchedwa Centre for Artificial Intelligence and STEAM, yoyamba ya mtundu wake m'dziko muno, mothandizidwa ndi sukulu zingapo zaukachenjede za ku America. Ntchito yokhazikitsa nthambiyi anaitsogolera ndi Pulofesa Zipangani Vokhiwa a ku Mercer University, ndipo anaitsegulira ndi a Madalitso Kambauwa Wirima, omwe panthawiyo anali nduna ya zamaphunziro.

Kutsegula nyumba ndi ntchito ya tsiku limodzi. Chomwe chimaumba katswiri ndi kosi yoyamba yomwe wophunzira amakumana nayo, pakuti akuluakulu anati m'mera mpoyamba. N'chifukwa chake nkhani ya zomwe ziphunzitsidwe m'kosi yoyamba ya machine learning, yomwe ndi msana wa AI ya masiku ano, ikukhudza anthu ambiri kuposa aphunzitsi ndi ophunzira okha.

Zomwe kosi yoyamba imaphunzitsa

Mawu akuti machine learning anatchuka kuyambira m'chaka cha 1959, pomwe Arthur Samuel wa kampani ya IBM analemba za pulogalamu ya kompyuta yomwe inkawonjezera luso lake pa masewero a checkers ikamasewera kambirimbiri. Pa kalembedwe ka mapulogalamu komwe tinazolowera, munthu amalembera kompyuta malamulo onse oti itsate. Pa machine learning munthu amaipatsa zitsanzo zambiri zomwe mayankho ake ndi odziwika kale, ndipo kompyutayo imafufuza yokha mgwirizano womwe ulipo pakati pa zitsanzo ndi mayankhowo, kenaka n'kugwiritsa ntchito mgwirizanowo poyankha za zinthu zomwe sinazionepo. Zitsanzo zimenezi, kaya ndi ziwerengero, zithunzi kapena zolembedwa, ndi zomwe akatswiri amazitcha data.

Tiyerekeze munda umodzi wa tiyi. Mwezi uliwonse kalaliki amalemba mvula yomwe yagwa, kutentha, feteleza yemwe wathiridwa, zaka za mitengo, nthawi yomwe yapita chiidulireni, komanso makilogalamu a masamba omwe athyoledwa. Zolembazi zikakhala za zaka makumi awiri, wophunzira angathe kuphunzitsa pulogalamu kuti iziyerekeza zokolola za mwezi wamawa. Uku ndiye kulosera kuchuluka kwa chinthu, ndipo kawirikawiri ndi mutu woyamba wa kosi. Mutu wachiwiri ndi kuika zinthu m'magulu odziwika, monga kuona chithunzi cha tsamba n'kunena ngati lili bwino kapena lalumidwa ndi kachirombo. Wachitatu ndi kusiya kompyuta kuti ipeze yokha magulu a zinthu zofanana, monga minda yomwe imafulumira kufota pa chilimwe. Pambuyo pake m'pamene wophunzira amafika pa njira zikuluzikulu zotchedwa neural networks, zomwe ndi maziko a mapulogalamu monga ChatGPT yomwe inatuluka mu Novembala 2022, komanso zomwe zinapezetsa John Hopfield ndi Geoffrey Hinton mphotho ya Nobel m'chaka cha 2024.

Koma phunziro lalikulu la kosi yoyamba ndi la kayesedwe. Wophunzira amalamulidwa kugawa data yake pawiri: gawo lophunzitsira pulogalamu, ndi gawo lomwe amalibisa kuti adzaiyesere mayeso. Pulogalamu yomwe yangoloweza zitsanzo imakhoza bwino pa zomwe inaziona ndipo imalephera pa zatsopano, chimodzimodzi mwana yemwe waloweza mayankho a mayeso a zaka zam'mbuyo osamvetsa phunziro lenilenilo. Wophunzira yemwe wagwira mfundo imeneyi wapeza theka la maphunziro onse.

Zophunzitsira za kosi yotere sizisowa. M'chaka cha 2011 Andrew Ng wa ku Stanford University anaika kosi yake pa intaneti ndipo anthu oposa 100,000 analembetsa, zomwe zinadzetsa kampani ya Coursera m'chaka cha 2012. Lero mphunzitsi wa pa Ndata angathe kupeza mabuku, makanema ndi mapulogalamu aulere ochuluka. Chomwe sangachipeze pa intaneti ndi data ya kwathu, ndipo apa ndi pomwe pagona vuto.

Phunziro la zithunzi za masamba

Kafukufuku wina wodziwika bwino akuonetsa kuopsa kophunzitsa pulogalamu ndi zitsanzo za kwina. M'chaka cha 2016 akatswiri Sharada Mohanty, David Hughes ndi Marcel Salathé anaphunzitsa pulogalamu kuzindikira matenda 26 pa mbewu za mitundu 14, pogwiritsa ntchito zithunzi za masamba zoposa 54,000 za polojekiti ya PlantVillage. Pa zithunzi zojambulidwa mofanana ndi zophunzitsirazo, pulogalamuyo inakhoza zoposa 99 pa zithunzi 100 zilizonse. Ataiyesa pa zithunzi zojambulidwa m'malo ena ndiponso m'njira zina, inakhoza pafupifupi 31 zokha pa 100. Akatswiriwo anazilemba okha zimenezi poyera. Kuti pulogalamu yotsatira ya pa foni yotchedwa Nuru ithe kuthandiza alimi a chinangwa, panafunika kupita m'minda ya kum'mawa kwa Africa kukajambula masamba momwe amaonekera padzuwa, pamthunzi ndi pafumbi.

Tanthauzo lake kwa Malawi ndi lachidziwikire. Pulogalamu yophunzitsidwa ndi masamba a tiyi a ku Assam kapena ku Kericho siingadaliridwe ku Thyolo isanayesedwe pa tiyi wa ku Thyolo, yemwe mitundu yake, dothi lake ndi nyengo yake ndi zosiyana. Ndipo munthu woyesayo ayenera kukhala yemwe anaphunzira kukayikira chiwerengero chokongola cha 99 pa 100.

Chimodzimodzi pa chiyankhulo. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa m'chaka cha 2014, koma zolembedwa za m'Chichewa pa intaneti ndi zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi, kotero mapulogalamu ambiri amapunthwa pa chiyankhulo chathu. Ntchito yomwe Dr Amelia Taylor a ku Malawi University of Business and Applied Sciences anagwira posonkhanitsa nkhani za m'Chichewa, zomwe zinagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa pa Zindi woika nkhani m'magulu, komanso malo a kafukufuku a Kuyesera AI Lab pa sukulu yomweyo, zikuonetsa kuti data ya kwathu imapezeka pokhapokha wina atakhala pansi n'kuisonkhanitsa. Nayo pulogalamu ya Ulangizi, yomwe bungwe la Opportunity International linayambitsa m'chaka cha 2024 kuti iziyankha mafunso a alimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi, inatsamira pa buku la malangizo a ulimi la Unduna wa Zamalimidwe. Popanda buku la undunalo pulogalamuyo ikanayankha za ulimi wa maiko ena.

Chuma chomwe chili m'mabuku a maesiteti

Tiyi anafika m'dziko muno kudzera ku mishoni ya Blantyre chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo anayamba kulimidwa ngati mbewu yamalonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890 asanafalikire ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa inakhazikitsidwa m'chaka cha 1923 ndi Maclean Kay, ndipo maina monga Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi Nchima ndi odziwika kwa aliyense m'bomali. Tiyi ali m'gulu la mbewu zomwe zimabweretsa ndalama zakunja zambiri pambuyo pa fodya, ndipo dziko lino limakolola matani apakati pa 40,000 ndi 50,000 m'zaka zambiri. Gawo lina limagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe, pomwe misika ikuluikulu yakunja yakhala Britain ndi South Africa.

Ulimi wa tiyi suyenda popanda kulemba. Masamba amapimidwa pa sikelo tsiku lililonse chifukwa malipiro a othyola amatengera makilogalamu. Mvula imayezedwa chifukwa tiyi wambiri wa dziko lino amathyoledwa m'nyengo yadzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo kapena Meyi. Fakitale imalemba nthawi yofotetsa masamba, kutentha kwa moumitsira ndi magiredi a tiyi yemwe watuluka. Bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa la ku Mimosa m'boma la Mulanje, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966, lakhala likuyesa mitundu ya tiyi monga SFS 150 ndi PC 108 ndi kulemba zotsatira zake. Ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo lomwelo, kuli malo a boma a kafukufuku wa zaulimi. Mbewu zochepa m'dziko muno zili ndi mbiri yolembedwa yotalika chotere.

Mafunso omwe ophunzira a chaka choyamba cha lusoli angayese kuyankha ndi data imeneyi ndi omwe eni minda amadzifunsa kale. Kodi sabata yamawa kufakitale kudzafika masamba ochuluka bwanji, kuti mathirakitala, nkhuni ndi antchito akonzedwe? Kodi kachirombo ka Helopeltis, komwe kamayamwa nsonga za tiyi, kamabuka pakadutsa nyengo yotani, kuti mankhwala apoperedwe pamalo ofunika okha? Kodi ndi minda iti yomwe iyenera kuyamba kuthiriridwa kapena kuzulidwa n'kubzalamo mitundu yopirira chilala? Zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba nazo zilipo. Sukulu ya African Drone and Data Academy, yomwe bungwe la UNICEF linatsegula mu Januwale 2020 mogwirizana ndi Virginia Tech ndi MUST, yaphunzitsa achinyamata kuulutsa ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa komanso kuwerenga zithunzi zake.

Data ya ku Thyolo ingaphunzitsenso malire a lusoli. Pulogalamu imalosera potengera zomwe zinachitikapo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo chakummwera, kupha anthu mazanamazana ndi kuononga minda, misewu ndi milatho. Patangotha chaka, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi kaamba ka ng'amba ya El Niño. Pulogalamu yophunzitsidwa ndi zaka za mvula yabwino ingasokere kotheratu m'zaka ngati zimenezi. Wophunzira yemwe waona ndi maso ake pulogalamu yake ikulephera pa ziwerengero za 2023 sadzalonjeza nduna kapena bwana wa kampani zinthu zomwe makina sangathe.

Komabe mabukuwa ndi katundu wa makampani, ndipo ena mwa iwo akadali pa mapepala. Palibe kampani yomwe ingapereke ziwerengero za zokolola ndi ndalama zake popanda chitsimikizo chakuti sizidzafika kwa opikisana nayo. Apa pakufunika mgwirizano wolembedwa pakati pa sukulu, bungwe la Tea Association of Malawi ndi bungwe la kafukufuku la ku Mimosa, wofotokoza data yomwe ingaperekedwe, maina omwe afufutidwe, malo osungira ndi mwini wake wa zotsatira. Ntchito yokopera mabuku akale mu kompyuta ndi yotopetsa, koma ndi sukulu yabwino kwa wophunzira, chifukwa ndi pomwe amakumana ndi masamba ong'ambika, miyezi yosalembedwa, ndi miyeso yakale ya mapaundi, maekala ndi mainchesi yomwe iyenera kusinthidwa kukhala makilogalamu, mahekitala ndi mamilimita.

Nkhawa ya antchito ndi alimi ang'onoang'ono

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 721,456 m'boma la Thyolo, lomwe ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri m'dziko muno. Malo olima ndi ochepa, ndipo mbiri ya thangata ikadali m'mitima ya anthu. Maesiteti a tiyi m'dziko lonse amalemba anthu okwana pafupifupi 50,000 nyengo yothyola ikafika pachimake, ndipo ndi amodzi mwa olemba ntchito akuluakulu kunja kwa boma. Choncho mawu akuti makina akamveka ku Thyolo, chomwe chimabwera m'maganizo a anthu ndi ntchito zawo.

Nkhawayi ili ndi maziko. Mu Meyi 2023 ku Kericho m'dziko la Kenya anthu okwiya anatentha makina othyolera tiyi a kampani ya Ekaterra ponena kuti akuwalanda ntchito. Makina amenewo ndi a injini wamba ndipo ndi osiyana ndi machine learning, koma phunziro lake ndi limodzi: luso lobwera popanda kukambirana ndi anthu limadzetsa chipwirikiti. Kuno kwathu njira yokambirana ilipo. Pansi pa ndondomeko ya Malawi Tea 2020, yomwe inayamba m'chaka cha 2015, bungwe la eni maesiteti ndi bungwe la antchito la Plantation and Agriculture Workers Union anasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro m'chaka cha 2016. Pulogalamu iliyonse yomwe ingadzakhudze kuchuluka kwa anthu olembedwa ganyu, kapena makilogalamu omwe munthu akuyembekezeka kuthyola patsiku, iyenera kudutsa pa bwalo lomwelo, Unduna wa Zantchito uli pomwepo.

Alimi ang'onoang'ono, omwe anayamba kulima tiyi pansi pa bungwe la Smallholder Tea Authority kuyambira 1967 ndipo lero ali m'magulu monga Msuwadzi ku Thyolo ndi Sukambizi ku Mulanje, amagulitsa masamba awo ku mafakitale a maesiteti. Tiyerekeze kuti tsiku lina ubwino wa masamba ukuweruzidwa ndi kamera pamalo ogulira. Ngati pulogalamuyo inaphunzitsidwa ndi masamba a m'minda yothiriridwa ya esiteti yokha, ingamakane masamba abwino a mlimi chifukwa chongooneka mosiyana, ndipo mlimiyo sangadziwe kokadandaula. Ikayesedwa bwino pa masamba a mbali zonse ziwiri, pulogalamu yomweyo ingachepetse mikangano ya pa sikelo. Kusiyana kwa ziwirizi kumachokera pa zomwe wopanga pulogalamuyo anaphunzira m'kosi yake yoyamba. N'chifukwa chake mutu wa chilungamo ndi tsankho la m'data uyenera kuphunzitsidwa pamodzi ndi masamu kuyambira sabata zoyambirira, m'malo mousiyira sabata yomaliza ophunzira ali kalikiliki kukonzekera mayeso.

Boma ndilo likusunga data yambiri

Kunja kwa minda ya tiyi, mwini data wamkulu m'dziko muno ndi boma. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba ili ndi zotsatira za kalembera ndi za kafukufuku wa m'makomo. Nthambi yoona za nyengo ili ndi ziwerengero za mvula. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2. Pali kaundula wa Unified Beneficiary Registry yemwe amathandiza posankha opindula ndi ndondomeko monga Mtukula Pakhomo, ndipo bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni pa kalembera wa ziphaso za unzika m'chaka cha 2017.

Akatswiri akunja anayamba kale kupindula ndi data ya Malawi. M'chaka cha 2016 gulu la ku Stanford University linasindikiza m'magazini ya Science kafukufuku yemwe anaphatikiza zithunzi za setilaiti ndi zotsatira za kafukufuku wa m'makomo poyerekeza umphawi m'madera a maiko asanu, omwe ndi Nigeria, Tanzania, Uganda, Rwanda ndi Malawi. Palibe cholakwika pamenepo. Chomvetsa chisoni chingakhale chakuti wophunzira wa ku California apeze data ya Malawi mosavuta kuposa wophunzira wa pa Ndata yemwe kalata yake yopempha ziwerengero ikuyendayenda m'maofesi mpaka teremu kutha.

Malamulo otsogolera nkhaniyi alipo. Lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani, la Access to Information, linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Lamulo loteteza mbiri ya anthu, la Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2024, ndipo linapereka udindo woyang'anira ku bungwe la MACRA. Loyamba limatsegula zomwe anthu ayenera kudziwa, lachiwiri limatseka zomwe ndi zinsinsi za munthu payekha. Vuto limadza pomwe ogwira ntchito m'boma, poopa kulakwira lamulo lachiwiri, akana kupereka ngakhale ziwerengero za mvula zomwe zilibe dzina la munthu. Unduna uliwonse ukufunika ndondomeko yomveka yosiyanitsa data yomwe ingaperekedwe kwa aliyense, yomwe ingaperekedwe maina atafufutidwa, ndi yomwe siingatuluke konse, komanso ofesala mmodzi wodziwika woyankha mapempho a sukulu zaukachenjede m'masiku oikika.

Masamu, magetsi ndi aphunzitsi

Kosi ya machine learning imaima pa miyendo itatu: masamu a aljebra ndi calculus, masamu a ziwerengero ndi mwayi, ndi kalembedwe ka mapulogalamu, makamaka m'chiyankhulo cha kompyuta cha Python. Ophunzira ambiri ochokera m'sukulu za CDSS amafika ku sukulu yaukachenjede asanakhale ndi mwayi wokwanira wogwira kompyuta. Kosi yomwe ithamangira ku neural networks idzasangalatsa ochepa ochokera m'sukulu zapamwamba n'kusiya ambiri, makamaka atsikana ndi ana akumudzi. Bungwe la National Council for Higher Education, lomwe limavomereza maphunziro a m'sukulu zaukachenjede, lili ndi mpata wofunsa sukulu iliyonse ya boma kapena yoima payokha mafunso osavuta: wophunzira afike ndi masamu otani, aphunzitsi ake ndi ndani, ndipo ntchito yake yomaliza idzagwiritsa ntchito data iti. Popanda mafunso otere dziko lidzadzaza ndi masatifiketi okhala ndi zilembo za AI koma opanda kanthu m'kati.

Nkhani yabwino kwa oyang'anira thumba la boma ndi yakuti kosi yoyamba siifuna makompyuta odula. Zitsanzo zonse za tiyi zomwe zatchulidwazi zingatheke pa laputopu wamba. Chofunika ndi magetsi osazimazima ndi intaneti yodalirika. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo sukulu zinavutika pamodzi ndi mafakitale. Magetsi oyendera dzuwa pa malo ophunzirira, ndi kulimbikitsa bungwe la Malawi Research and Education Network lomwe limalumikiza sukulu zaukachenjede pa intaneti, zingapindulitse ophunzira ambiri kuposa kugula kompyuta imodzi yaikulu yomwe oidziwa ndi owerengeka.

Aphunzitsi ndiwo osowa kwambiri, chifukwa katswiri wa lusoli angathe kugwirira ntchito kampani yakunja ali m'nyumba mwake n'kumalandira malipiro oposa a boma. Maiko ena a mu Africa anayamba kale kuphunzitsa aphunzitsi awo. Msonkhano wa Deep Learning Indaba unayamba ku Johannesburg m'chaka cha 2017 ndipo unabala misonkhano ya IndabaX, yomwe yachitikanso kuno ku Malawi. Ku Kigali maphunziro a digiri yachiwiri a African Masters in Machine Intelligence anayamba m'chaka cha 2018. Rwanda inavomereza mfundo zake za AI m'chaka cha 2023, ndipo bungwe la African Union linavomereza ndondomeko ya Africa yonse mu Julayi 2024. Kutumiza aphunzitsi achinyamata ku maphunziro otere, ndi pangano lakuti adzabwerere kudzaphunzitsa, ndi njira yomwe boma laigwiritsapo ntchito pa madotolo ndi mainjiniya.

Adindo nawo ndi ophunzira

Ogwira ntchito m'boma ambiri sadzalembapo pulogalamu, koma ndi iwo omwe adzasaine makontirakiti ogulira mapulogalamuwa. Wogulitsa akanena kuti pulogalamu yake imakhoza 98 pa 100 pozindikira maina achinyengo m'kaundula wa zipangizo zaulimi zotsika mtengo, chiwerengerocho chimamveka chokoma. Koma tiyerekeze kuti maina achinyengo ndi awiri okha pa 100 aliwonse. Pulogalamu yomwe ingonena kuti maina onse ndi abwino idzakhoza 98 pa 100 isanagwire wakuba ndi mmodzi yemwe. Msampha umenewu umaphunzitsidwa m'kosi yoyamba, ndipo mkulu wa nthambi yemwe sakuudziwa angathe kuononga ndalama za misonkho ndi mtima wabwino.

Zolakwa zotere zagwetsapo boma la dziko lolemera. Ku Netherlands nthambi ya misonkho inagwiritsa ntchito pulogalamu yosankha anthu okayikitsa pa thandizo la ndalama zolerera ana, yomwe mwa zina inkayang'ana unzika wa munthu. Mabanja zikwizikwi ananamiziridwa chinyengo n'kulamulidwa kubweza ndalama, ndipo mu Januwale 2021 nduna zonse za boma la Mark Rutte zinatula pansi udindo. Dziko lomwe thandizo la boma ndi lomwe limasiyanitsa banja lodya ndi logona ndi njala liyenera kusamala koposa.

Choncho m'pofunika kuti kosi yomweyi ikhale ndi mtundu wake waufupi wa akuluakulu a m'maunduna ndi m'makhonsolo, wophunzitsidwa mogwirizana ndi Malawi School of Government. Wotuluka m'maphunziro otere adziwe kufunsa mafunso asanu asanavomereze kugula. Pulogalamuyi inaphunzitsidwa ndi data ya kuti, ya zaka ziti? Inayesedwa pa data ya Malawi yomwe sinaionepo, ndipo anaiyesa ndani? Ikalakwa, amapwetekeka ndani, mlimi kapena kampani, wodwala kapena chipatala? Munthu wolakwiridwa akadandaule kwa yani, ndipo ndi ofesala uti ali ndi mphamvu yosintha chigamulo cha makina? Kontirakiti ikatha, data ya Amalawi idzatsala m'manja mwa ndani? Bungwe loona za kagulidwe ka katundu wa boma la PPDA lingathe kuika mafunsowa m'zikalata zoitanira ofuna kugulitsa.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika ulimi wamalonda, mafakitale ndi kukula kwa matauni ngati nsanamira zitatu za chitukuko. Ulimi wa tiyi uli ndi ziwiri zoyambazo pamalo amodzi, munda ndi fakitale, ndipo sukulu ya sayansi ili m'boma lomwelo. Zomwe zatsala sizifuna ndalama zambiri: mgwirizano wa data pakati pa sukulu ndi eni tiyi, ndondomeko ya maunduna yoperekera ziwerengero, miyeso ya NCHE pa makosi atsopano, mpando wa antchito ndi alimi pa zokambirana, ndi maphunziro aafupi a adindo. Muyeso wa kupambana kwa kosiyi udzakhala wophweka. Pakutha pa teremu, wophunzira athe kuimirira pamaso pa manijala wa esiteti, wapampando wa gulu la alimi ndi mkulu wa zamalimidwe m'boma la Thyolo, n'kuwafotokozera m'Chichewa chomveka zomwe pulogalamu yake yalosera, kangati inalakwa pamene inayesedwa, ndiponso nthawi yomwe sayenera kuikhulupirira.